Timakadi Tiwiri pa Taimutebulo

Lachinayi, pa 18 Julaye

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo mawondo aja asiya kukuvutitsani m'mawa. Kuno tonse tili bwino. Adzukulu anu akula moti nsapato zimene munawatumizira chaka chatha zikungoyang'anidwa. Wamkuluyo wayamba kundiyankha ngati ndine mnzake, bambo ake n'kumangoseka ati watengera ine. Ndakutumizirani juzi yabuluu ndi mafuta opaka aja. Chonde juziyo muzivala, musaitsekere m'sutikesi kudikira tsiku lalikulu monga muchitira ndi zinthu zonse zabwino.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni, Amayi, inu mumandidula mawu. Ndikangoti "Amayi, pali nkhani," inu mwafunsa kale ngati mzime wanu wadya. Ndiye lero ndalemba, kuti kamodzi kokha ndiyankhule mpaka kumaliza.

Sabata yatha munandifunsa ngati sukulu yathu yamulemba mng'ono wanga ntchito yokhazikika, ine n'kunamizira kuti foni ikudukaduka. Sinkaduka ayi. Yankho lake ndi lakuti anamupatsa kalata yoti chaka chake choyeserera chatha ndipo sakumufunanso. Iye akuuzani kuti zinthu zinangovuta. Ine ndikuuzani mmene zinavutira, chifukwa ndinalipo.

Mukukumbukira kuti malowa ndinamupezera ndine. Ndinapita ndekha kwa ahedi kukawauza kuti ndili ndi mng'ono wanga amene anaphunzira zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Ahedi anakanda mutu, ati maphunziro amenewo ali ndi mapiriyodi asanu ndi atatu okha pa sabata sukulu yonse, osakwana ntchito ya munthu wamkulu, komabe anavomera kuti ayesere chaka chimodzi. Ndinamupatsa chipinda chakumbuyo chija, tsiku loyamba ndinamubwereka nsapato zanga zakuda, ndinamuuza aphunzitsi oyenera kuwapatsa moni kawiri ndi oyenera kuwazemba. Ndinkanyadira, Amayi. Ndinkaganiza kuti aziyenda pambuyo panga ngati kale tikamapita kusitolo.

Kuti mumvetse zimene zinachitika, ndikuuzeni kaye za ntchito yanga ina. Kusukulu kuno sindiphunzitsa masamu okha. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano ndine ndimakonza taimutebulo, ndiye kuti ndondomeko yoti mphunzitsi uti alowe kalasi iti nthawi yanji. Mu ofesi ya aphunzitsi muli bolodi lalikulu la timisomali, ndipo phunziro lililonse lili ndi timakadi ta mtundu wake: ta masamu n'tofiira, ta sayansi tobiriwira, ta mbiri tachikasu, ta zojambula toyera. Tchuthi chilichonse ndimadzitsekera m'menemo masiku awiri, kukoloweka ndi kukolola timakadito mpaka aliyense atapeza malo, popanda mphunzitsi wofunika m'makalasi awiri nthawi imodzi. Ndi ntchito yozunguza mutu. Palibe amene amaifuna, n'chifukwa chake palibenso amene amaifufuza. Ndikanena kuti sizinatheke, ndiye kuti sizinatheke basi.

Teremu yoyamba, mwangozi chabe, kakadi koyera ka Fomu 2 kanagwera pambuyo penipeni pa kobiriwira. Mzime wanu ataona anapita kwa aphunzitsi a sayansi, bambo wachikulire amene ana amawatcha kuti a Mabotolo, n'kuwapempha kuti mapiriyodi awiriwo awaphatikize, alowe onse awiri limodzi. Tsiku lina ndili m'kalasi mwanga ndinamva ndowa ikulira panja, du-du, du-du. Kusuzumira pawindo, ha! Ajambula mtima wa munthu ndi choko pabwalo lonse lamasewero, zipinda zake zinayi, makomo ake omwe. Ana ena amanga tinsalu tofiira pamkono, ena tabuluu, akuyenda motsatira kulira kwa ndowa, kulowera khomo ili, kutulukira ilo, kukafika kumapapo n'kusinthana tinsalu, uku akuimba mayina a mitsempha. A Mabotolo, munthu amene sindinawaonepo akuthamanga ngakhale mvula itawapeza panjira, anali pakati akutsegula ndi kutseka mikono, ati iwo ndi chitseko cha mtima. Ana anga a masamu makosi onse anali pawindo. Ndinatseka makatani.

Kuyambira pamenepo aphunzitsi anayamba kumusaka ngati wagulitsa zinthu zotchipa. Wa mbiri anabwera, n'kujambula naye mapu a njira za amalonda akale pa nsalu yanga yakale ya pabedi, imene anaitenga osandipempha, ana n'kumachita sewero akuyenda pamwamba pake atasenza zikwama zawo pamutu. Wa chiyankhulo anabwera, ndakatulo imodzi aiwerenga Lolemba, aijambula Lachitatu, Lachisanu n'kuiimba. Ana anamupatsa dzina loti Madamu Utoto, chifukwa zala zake siziyera ngakhale atazitsuka ndi sopo wochapira. Teremu yachiwiri aphunzitsi anayi anabwera kudzandipempha kuti timakadi tawo nditigundanitse ndi toyera. Ndinatero ndi mtima umodzi. Mapiriyodi ake anakwera mpaka makumi awiri, ahedi n'kuyamba kumupatsa moni asanandipatse ine.

Koma kwa ine sanabwere. Tinkamwa tiyi patebulo limodzi, kuyenda msewu umodzi m'mawa ndi masana, iye akundifotokozera zimene apangana ndi uyu, zimene akonza ndi uyo, ine n'kumangoti "eti, eti." M'mawa wina akusita bulauzi yake ndinalephera kupirira.

"Kodi masamu alibe mtundu, eti? Sajambulika?"

Anaseka mpaka kuimika simbi. "Aaa, Achemwali, inu ndingakuyambe bwanji? M'kalasi mwanu ngakhale ntchentche imagogoda isanalowe. Ine ndimakuopani."

Ananena moseka, koma mawuwo sanandichoke m'mutu tsiku lonse. Kundiopa ine? Ine amene ndinamuphunzitsa kugwira pensulo, dzanja lake lili m'kati mwa langa?

Amayi, ndinene, ndisanene? Ndinena. Inenso ndinkajambula, mwina munaiwala. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ndinajambula makina anu osokera, lamba wake, wilo lake, ndi phazi lanu lili pachopondera, mpaka chala chanu chopindika chija. Munati, "Wachita bwino, tsopano kamalize masamu." Patatha sabata ndinachipeza chithunzicho mwachiyala m'kabati, makapu atakhala pamwamba pake. Mzime wanu atajambula mphaka wooneka ngati mpando, munamumata pakhoma pabalaza, mlendo aliyense n'kumaonetsedwa asanapatsidwe ngakhale madzi. Sindikukuimbani mlandu ayi. Chabwino, mwina pang'ono.

Chimene chinandimaliza chinachitika m'kalasi mwanga momwe. Ndinkaphunzitsa Fomu 1 masamu a magawo, aja a theka ndi kota, ndipo ndinalemba pabolodi funso limene chaka chilichonse limagwetsa ana ambiri. Ndikucheuka ndinamva timaphokoso pansi pa madesiki, pa-pa, papapapa. Zala zonse zikugogoda.

"Mukuchita chiyani?"

Mtsikana wina wakumbuyo, amene chaka chonse anali asanakwezepo dzanja, anaimirira. "Tikuwerengera, Madamu. Kuomba kumodzi kwakutali ndi chathunthu, kuwiri kwachangu ndi matheka, kunayi ndi makota. Madamu Utoto anati nyimbo ndi masamu omveka ndi khutu."

"Muno si mu kwaya," ndinatero. "Manja pa desiki."

Anaika manja pa desiki, koma ndinkaona mapazi akugwedera pansi. Nditatolera makope, onse anakhoza kupatula atatu. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikudula malalanje ojambula pabolodi, mawu mpaka kusasa, ndiye mwana wa dzulodzuloyu awaphunzitse masamu anga ndi m'manja, osandiuza n'komwe? Mphunzitsi wabwino akanakondwera. Ine ndinachonga makopewo mtima ukuwawa, cholembera mpaka kuboola pepala.

Pamsonkhano wa makolo wotsekera teremu imeneyo, ahedi anayamba kutionetsa aphunzitsi mmodzimmodzi. Atafika pa ine anamwetulira n'kunena kuti, "Awa ndi akulu awo a Madamu Utoto." Makolo anaomba m'manja mwamphamvu. Abale inu! Ena mwa makolo amenewo ana awo oyamba ndinawaphunzitsa ndine, ndipo lero ndasanduka mkulu wake wa munthu. Pomwepo ahedi analengeza kuti akomiti ya sukulu adzabwera teremu yachitatu kudzaona maphunziro ophatikizawa, ndipo akadzapeza kuti akuyendabe, mng'ono wanga amulemba ntchito yokhazikika. Madzulo ake munaimba foni, iye atakuuzani kale zonse. Kwa ine munangoti, "Mwana ameneyu anabadwa ndi luso m'manja." Za ine munafunsa ngati ndinakumbukira kukugulirani singano.

Tsono Loweruka lina la tchuthi, m'mawa, ndinadzitsekera mu ofesi ija ndi bokosi langa la timakadi. Ndisakunamizeni kuti ndinalowa ndi cholinga choipa. Ndinagwira ntchito bwinobwino, ndipo pofika masana zonse zinali zitakhala m'malo: koyera pafupi ndi kobiriwira, koyera pafupi ndi kachikasu, popanda kugundana paliponse. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana. Sindinakonzepo taimutebulo yokongola ngati imeneyo moyo wanga wonse. Ndiye ndinaganiza kuti, kodi ndani adzadziwe? Akomiti akadzabwera adzaona ndowa, tinsalu ndi ana akuimba. Adzaombera m'manja Madamu Utoto. Palibe ndi mmodzi yemwe adzafunse kuti anakonza ndani kuti anthu awiriwa apezeke pamalo amodzi.

Ndinatambasula dzanja, Amayi. Ndinasinthanitsa timakadi tiwiri tokha, kofiira kanga ka Lachiwiri ndi kobiriwira ka Lachinayi. Inu osoka mukudziwa mmene mpendero umamasukira wonse mukasolola ulusi umodzi. Tina tonse tinayamba kugundana, ndipo pokonza kugundanako ndinaonetsetsa kuti nthawi iliyonse imene mng'ono wanga ali m'kalasi ina, mnzake wophunzitsa naye akhale ali kwina. Zojambula ndinaziponya kumapiriyodi omaliza, ana atatopa, mimba zikulira. Ndinatseka chitseko, n'kugula buledi panjira ngati munthu wabwinobwino.

Tsiku lotsegulira sukulu aphunzitsi anaunjikana pabolodi monga mwa masiku onse. Ndinaona chala chake cha utoto chija chikuyenda pamizere, kutsika, kukwera, kubwereranso.

"Achemwali, nthawi imene ndili ku Fomu 2, a sayansi ali ku Fomu 3. A mbiri nawonso chimodzimodzi."

"Ndayesetsa, mwana iwe," ndinatero, ndikupukuta magalasi kuti ndisamuyang'ane. "Masiku awiri osapuma. Makadi akana."

"Pepani, takuvutitsani," anatero, n'kupita kukandipangira tiyi. Ndinamwa tiyiyo, Amayi, mpaka shuga wapansi.

Sanagonje msanga, mukumudziwa mwana wanu. Anayesa kusonkhanitsa ana nthawi ya chakudya chamasana, koma mwana wanjala saimba mayina a mitsempha. Anayesa akaweruka, koma aphunzitsi ali ndi mabanja awo, ndipo makolo anayamba kudandaula kuti ana akufika mochedwa. Wa mbiri anasiya, wa chiyankhulo anasiya, ndowa ija inabwerera kokolopera. Ndipo pano ndi pamene pali manyazi anga enieni: masabata oyambirirawo ndinasangalala. Bwalo linali zii. Makatani anga anali otsegula, ana onse maso pabolodi langa. Ndinkagona tulo tabwino kwambiri.

Akomiti anabwera Lachitatu lina masana. Anamupeza yekha ndi ana makumi anayi oyasamula, akujambula mpando umene anauika pamwamba pa tebulo. Anawerenga mapiriyodi ake pabolodi langa lija n'kupeza asanu ndi atatu. Patatha masabata awiri kalata inatuluka. Ahedi pomupatsa anati n'zomvetsa chisoni kuti taimutebulo sinalole, ndipo mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Musawadandaule achemwali anga, anayesetsa." Ndinali pomwepo, nditanyamula makope. Ndinalakalaka akanandilavulira.

Lolemba lapitali, nthawi ya buleki, ndinalowa mu ofesi n'kupeza a Mabotolo ataima pabolodi, kapu ili m'manja. Ndinaiwala kukuuzani kuti ine ndisanayambe, taimutebulo ankakonza ndi iwowo, ndipo ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwo. Anaima nthawi yaitali osamwa tiyi wawo.

"Madamu," anatero osacheuka, "kofiira aka ka Lachinayi kakutani pano?"

"Kakuphunzitsa masamu, bambo."

Sanaseke. Analoza ndi chala. "Kakanapita apa, aka n'kubwera apa, tina tonse tikanatsatira tokha. Teremu yonse sindinayang'anitsitse bolodi ili chifukwa ndinkakukhulupirirani. Lero ndayang'ana, ndipo ndaziona tiyi asanazizire. Inu munali ndi masiku awiri." Kenako anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Wina aliyense akanatha kuphonya. Inu ayi. Ndinakuphunzitsani ndekha."

Anaika kapu patebulo n'kupita kukalasi. Sanandiopseze, sananene kuti akauza munthu. Ndinakhala pampando mpaka belu linalira kawiri, ana anga akundidikira.

Lachiwiri m'mawa ndinakagogoda kwa ahedi n'kuwauza zonse, kuyambira pa ndowa mpaka pa timakadi tiwiri. Anavula magalasi. Kenako anati, "Mwanditayitsa mphunzitsi wabwino, mwanamiza akomiti kudzera pakamwa panga, ndipo mwachita zimenezi kwa m'bale wanu. Ndikufunseni chifukwa chake?" Ndinati ayi, musandifunse. Anandilanda bokosi la timakadi pomwepo, ati abwezera a Mabotolo. Zaka zisanu ndi zinayi zinathera pamenepo, ndipo sindinatsutse. Dzulo anayankhula ndi wapampando wa komiti, ndipo agwirizana kuti amupatsenso mng'ono wanga chaka china choyeserera, koma pokhapokha iye mwini atabwera kudzanena ndi pakamwa pake kuti akufuna, pasanafike pa 9 Ogasiti. Likadutsa tsikulo, mapiriyodi ake awagawira ena.

Ahedi ankafuna kumuitana nthawi yomweyo. Ndinawapempha kuti andisiyire, ndimuuze ndekha. Ndayesa katatu, Amayi. Koyamba anali akupinda zovala m'chipinda chake, ndinaima pakhomo, pakamwa panatuluka kuti, "Kodi sopo watenga?" Kachiwiri tinali panjira yochokera kusukulu, ndinayamba bwino, "Iwe, za taimutebulo ija," iye n'kundigwira mkono ati, "Achemwali, musadziimbenso mlandu, zinatha." Kachitatu ndi lero m'mawa, akuluka tsitsi mdzukulu wanu wamng'ono. Mwanayo anafunsa kuti mayi aang'ono akachoka azimuluka ndani, chifukwa ine ndimakoka. Ndinatuluka panja.

Ndiye ndachita zamantha. Akwera basi Loweruka m'mawa kubwera kwanuko, ndipo kalatayi ndiika m'chikwama chake pamodzi ndi juzi ija. Ndikudziwa bwino lomwe kuti zilembo zazing'ono simuzionanso, ndipo kupatula iyeyo palibe wina pakhomopo amene mungamupatse kalata ya mwana wanu kuti akuwerengereni. Musamulande pepalali, Amayi, ngakhale mawu atayamba kumuvuta. Musiyeni amalize.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti magalasi awo ndawapeza, ndidzabweretsa ndekha. Moni kwa amayi a pafupi aja amene amakutungirani madzi, Mulungu awadalitse. Bambo a ana akuti moni wambiri, iwo nkhaniyi sakuidziwa, ndiwauza basi ikanyamuka. Inu mundikalipire mmene mungafunire, ndiimva yonse, ndipo ulendo uno foni sidukaduka.

Moni wotsiriza upite kwa amene wagwira pepalali.

Iwe, ngati wafika pano osaling'amba, ndiye kuti mtima wako ndi wabwino kuposa wanga, ndipo nazonso zikundiwawa. Sindinena kuti nsanje yatha, ungadziwe kuti ndikunama. Ukadali nazo zonse zimene ndinkafuna, ndipo ndikadali kukwiya kuti unabadwa nazo osavutika. Koma ana aja sanalakwe, ndipo iwenso sunalakwe. Ndawapempha a Mabotolo kuti masamu anga a Fomu 1 awaike moyandikana ndi zojambula zako, ndipo avomera. Ndikudziwa mmene zidzakhalire. Ana anga omwe adzayang'ana iwe, ine nditaima pambali ndi choko m'manja, ndipo zidzandipweteka sabata iliyonse. Bwera basi. Ngati sufuna kukhalanso m'nyumba mwanga, ndikusakira chipinda kwina, ndipo panjira sudzakakamizidwa kundipatsa moni. Ungobwera pasanafike pa 9. Chipinda chako sindichikhudza mpaka tsiku limenelo.

Ndine mwana wanu wachisamba, Amayi,
ndiponso mkulu wako, iwe, ngati ukundifunabe.